RAM ikukana pa HP 8300: tipukute timano, kapena ma slot atha?

Aphunzitsi_ICT

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu lab ya pasukulu muli makompyuta a HP Compaq Elite 8300 SFF, aja obwera atagwirapo kale ntchito kunja. Iliyonse ili ndi ma RAM (timabodi ta memory) awiri a DDR3 a 4 GB, ndipo pabodi pali ma slot anayi olowetsamo RAM, olembedwa DIMM1 mpaka DIMM4. Chiyambireni September, makompyuta atatu akuchita zofanana: ukayatsa fani imazungulira, sikirini ili bii, kanyale ka pabatani kamaphethira kofiira kasanu, kompyuta n'kumalira kasanunso. Ukazula RAM n'kuibwezera imayaka, n'kugwira ntchito sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka vuto lija labwerera. Imodzi mwa atatuwo ndiye yaonjeza: RAM ikakhala pa DIMM1 imayaka, koma ukaika kalikonse pa DIMM3 kapena DIMM4 imangolira.

Ena akuti ndipukute timano tagolide tija ndi labala, ena akuti labala ndi amene amapha RAM. Zoona ndi ziti? Nanga mkati mwa slot, momwe chala sichilowa, mumatsukamo bwanji? Sipiriti wapepo uja wa m'magolosale angathandize? Ndipo funso lomwe likundisowetsa mtendere ndi ili: kodi slot imatha chifukwa chozulazula RAM? Ngati imatha, ndiye kuti kuzula n'kubwezera kwangaku ndikuononga nako makina.

Sikuludiraiva

Aphunzitsi, labala ndi sipiriti ziyambe zadikira. Tipeze kaye wodwala. Kuphethira kasanu pa 8300 kumangonena kuti BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka ukayatsa kompyuta, yalephera kudzutsa memory isanafike poonetsa chithunzi. Sikunena ngati cholakwa chili pa RAM, mu slot, kapena pansi pa processor, ndipo zitatuzi kalirilidwe kake n'kamodzi.

Musanalowetse dzanja, zulani chingwe cha magetsi kumbuyo kwa kompyuta. Kuzimitsa pabatani pokha sikokwanira, chifukwa pulagi ikakhala kukhoma bodi imalandirabe magetsi a standby. Buku la HP lomwe limanena kuti mudikire masekondi pafupifupi 30 mutazula chingwe musanakhudze RAM. Dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti otsalira m'ma capacitor atheretu, kenaka gwirani chitsulo chosapenta cha kesi. Miyezi ino youma static, magetsi aja odziunjika pathupi, imachuluka, makamaka munthu akangodzuka pampando wapulasitiki, ndipo kamoto komwe inu simungakamve n'komwe pachala n'kokwanira kuvulaza chip. Pa SFF, kesi yaing'ono ngati zanuzi, tukulani kachimango kokhala DVD kaja kuti ma slot aonekere. Musamakankhe RAM chopendekera pansi pa kachimangoko.

Mayeso ake ndi awa, ndipo ndawachepetsa dala kuti musazule kambirimbiri. Tengani RAM imodzi mu kompyuta yomwe sinavutepo. Iikeni yokha pa DIMM1, yatsani, muone. Zimitsani, zulani chingwe, isunthireni pa DIMM2, kenaka DIMM3, kenaka DIMM4. Apo mwadziwa ma slot amoyo. Ndiye tengani ma RAM awiri okayikitsa aja, muwamate ka masking tape kumtunda n'kulemba A ndi B, muyese iliyonse payokha mu slot yomwe mwaipeza yabwino. Ndi kulowetsa maulendo 6 basi. Zotsatira muzilemba papepala, chifukwa pofika kompyuta yachitatu mutu umakhala utasakaniza zonse.

RAM yabwino ija ikayaka m'ma slot onse, koma A n'kukana, wodwala ndi A. Ikakana mu slot imodzi yokha, maso pa slot imeneyo. Ikakana m'ma slot awiri, DIMM1 ndi DIMM2 kapena DIMM3 ndi DIMM4, nkhani yasintha: pabodi imeneyi awiriawiriwo ndi channel imodzi, ndiye kuti njira imodzi yopita ku processor, ndipo si zapafupi kuti ma slot awiri ade tsiku limodzi n'kusiya anzawo oyandikana nawo. Kompyuta yanu yachitatu ija ndikuikayikira pamenepo, koma yesani kaye.

China chomwe chimanamiza anthu ambiri ndi kukhazika RAM. DDR3 ili ndi timano 240, mbali iliyonse 120, ndipo imafuna mphamvu ndithu kuti ilowe. Tsegulani ma clip onse awiri, lunjikitsani kampata ka pa RAM ndi kachitunda ka mu slot, ikani zala zazikulu kumapeto onse awiri, dinikizani mpaka ma clip atadzitseka okha. Mukawathandizira kutseka ndi chala, RAM imaoneka ngati yakhala pomwe mbali imodzi yalendewera. Kachip kakang'ono ka SPD, komwe kamauza BIOS kukula ndi liwiro la RAM, kamalankhula kudzera pa timano ta kumapeto kwenikweni, ta nambala 118 ndi 238. Mbali imeneyo ikangotukuka pang'ono, bodi imaona ngati mu slot mulibe kanthu.

Werenganinso kapepala komata pa RAM. Yoyenera makina amenewa imalembedwa PC3-10600U kapena PC3-12800U. Ikathera ndi R ndi ya server, ndipo ngakhale imalowa mu slot bwinobwino, siyaka olo mutaipukuta mpaka kunyezimira. M'ma RAM akaunjika zoterezi zimasakanikira.

Komanso kuyaka pakokha si umboni. Ikani pulogalamu yoyesa RAM, MemTest86 kapena Memtest86+, pa flash, mubute kuchokera pamenepo, muisiye izungulire kanayi, usiku wonse ngati magetsi alola. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kuti RAM kapena slot imeneyo musaikhulupirire.

Mayi_wa_Mabodi

Achimwene a Sikuludiraiva atha za mayeso, ine ndiyankhe za kutsuka.

Sipiriti wapepoyo musiyeni. Muli utoto ndi zina zothira kuti anthu asamwe, ndipo akauma amasiya zotsalira pa timano. Surgical spirit wa ku famase muli mafuta a nsatsi. Sanitizer muli glycerine. WD-40 wamba amasiya mafuta omwe amaitana fumbi. Thinner ndi acetone zimadya pulasitiki. Chofunika ndi isopropyl alcohol, anthu amangoti IPA, ya 99%, kapena yosachepera 90%. Ya 70% madzi amachuluka, ndipo madziwo amabisala pansi pa slot nthawi yaitali. Funsani kwa ogulitsa zipangizo za okonza mafoni kapena ogulitsa mankhwala a mu labotale. Kabotolo ka 100 ml kakwanira lab yonse n'kutsalako. Mukapeza contact cleaner wa m'chitini, werengani ngati walembedwa kuti sasiya zotsalira ndiponso saononga pulasitiki. Ena, monga Kontakt 60, amasungunula dzimbiri koma amafuna kutsukuluza ndi mankhwala ena pambuyo pake, ndipo pa golide wongoda ndi fumbi safunika.

Timano ta RAM ndi ntchito yosavuta. Gonekani RAM papepala loyera patebulo, muigwire m'mbali. Nyowetsani kansalu kosasosoka ulusi, monga kopukutira magalasi a m'maso, ndi madontho atatu kapena anayi. Pukutani motsatira utali wa dzino, kuchokera kumtunda kutsikira kumlomo, pang'onopang'ono mpaka mzere wonse. Musakoke nsalu chopingasa kuchoka kumapeto uku kukafika uko. Chifukwa chake n'chakuti kumtunda kwa timano kuli tima resistor ndi tima capacitor tochepa ngati njere ya mchere, ndipo nsalu kapena chikhadabo chikakola kamodzi, kamathothoka inu osamva n'komwe. Tembenuzani nsalu ku mbali youma, mupukutenso. Ikatuluka yakuda, bwerezani mpaka ituluke yoyera, mbali zonse ziwiri za RAM. Thonje la m'makutu lingathe, koma limasiya ulusi, ndiye muunike ndi tochi mukatha. Kuchokera apo golide musamukhudzenso. Thukuta la chala ndi mchere ndi mafuta.

Slot ndiye imafuna ulemu. Mkati mwake muli timapini 240 topyapyala, topindika ngati sipuling'i, m'mizere iwiri yoyang'anizana, ndipo pa DDR3 kuchoka pa kapini kamodzi kufika pa kanzake ndi milimita imodzi yokha. Yambani ndi mpweya. Chitini cha mpweya chigwireni choimirira, muzipopera modukizadukiza. Chikapendekeka chimalavula zamadzimadzi zozizira. Blower yamagetsi ili bwino mukaima patali masentimita 20 kapena 30, chala chili pa fani kuti isazungulire mopenga. Compressor ya kopopetsa matayala ayi, imalavula madzi ndi oyilo. Kupemerera ndi pakamwa ayinso, amenewo ndi malovu.

Kenaka unikani ndi tochi chopendekera, mujambule ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Mizere iwiri ija iyenera kuoneka yofanana ngati mano a chipeso chatsopano. Mukufufuza kapini kogonera mkati kapena kokhota, kanthu kobiriwira, pulasitiki yopsa kapena yosungunuka, ndi zinyalala: ulusi, mapiko a tizilombo, ndowe za mphemvu. Yopsa ndi yosungunuka ilibe mankhwala. Nthawi zambiri wina anakakamiza RAM chozondoka kapena anaiika magetsi alipo.

Ngati ndi litsiro chabe, donthezani IPA motsatira slot yonse, mutenge kaburashi kofewa. Mswachi watsopano wa mwana ungathe, bola muunyowetse kaye chifukwa wouma umapanga static. Muzitsitsa nsonga zake molunjika pansi n'kukweza, kusunthira patsogolo, kutsitsanso. Kukwecha chamutali mwa slot ndi kumene kumakhotetsa timapini. Njira ina ndi RAM yakufa yomwe ilibe ntchito: nyowetsani timano take, ilowetseni n'kuizula kawiri, mupukute zomwe yatulutsa. Imakwana ndendende chifukwa makulidwe ake, 1.27 mm, ndi omwe slot inapangidwira. Khadi la kubanki lokulunga nsalu, lomwe ambiri amalikonda, ine sindilivomereza: polowa ulusi umakola timapini, potuluka n'kubwera nato. Singano, lumo, sandpaper, musayerekeze.

Pemereraninso, kesi muisiye yotsegula mphindi 15, kapena theka la ola ngati ndi nyengo ya mvula. IPA imagwira moto msanga, ndiye kandulo ndi soldering iron zikhale patali.

Kanyimbi_Tech

Mayi, zonse ndavomera, koma labala simunamutchule, ndipo si wonyozeka. M'mashopu ambiri okonza makompyuta labala ndiye chida choyamba, ndipo RAM yomwe inakana imadzuka ndithu. IPA imasungunula mafuta ndi fumbi lomata, koma pali kanthu kena kotuwa komwe kamakakamira pa timano ta RAM yomwe yagona zaka m'chipinda chachinyezi, IPA imangodutsa pamwamba. Pamenepo labala woyera wofewa, wa mtundu wa Staedtler Mars plastic uja, kumudutsitsa mopepuka kawiri kapena katatu, amachotsa. Komanso si aliyense angapeze IPA ya 99% kuboma lakwawo, pomwe labala aphunzitsi ali naye m'kabati panopa.

Mkuwa_ndi_Golide

Achimwene a Kanyimbi, simukunama kuti RAM imadzuka, koma tifunse chomwe chaidzutsa. Nthawi zambiri ndi kuzula n'kubwezera komweko. Kapini ka mu slot kamakanikiza dzino mwamphamvu, ndipo RAM ikamalowa kamakwekwesa kamtunda kakafupi n'kudzipalira malo oyera. Slot inapangidwa kuti izidzipukuta motero. Labala amangotamandidwa pa ntchito ya mnzake.

Dzino lililonse ndi zitsulo zitatu zosanjikizana: pansi kopa, pamwamba pake nickel, pamwamba penipeni golide. Golideyo ndi wopyapyala moti ngakhale pa RAM yopangidwa bwino safika micrometer imodzi, pomwe tsitsi limodzi la munthu ndi ma micrometer makumi angapo. Pa zotchipa ndiye amangopakapo. Anamuikapo chifukwa golide sachita dzimbiri, koma nickel ndi kopa zimada zikakumana ndi mpweya ndi chinyezi. Ndipo kada kochepa n'kokwanira. DDR3-1600 imatumiza deta maulendo 1,600 miliyoni pa sekondi pa kanjira kalikonse, ndi magetsi a 1.5 V okha. Contact yomwe ingayatse babu la tochi bwinobwino ingathe kulepheretsa RAM.

Labala wa mitundu iwiri uja, wofiira ndi wabuluu, mbali yabuluu muli timchenga topalira inki papepala. Pa RAM ameneyo ndi sandpaper. Labala wa raba weniweni amakhalanso ndi sulphur, yemwe amadetsa kopa. Woyera wapulasitiki ndi wabwinoko, koma amasiya tinyenyeswa ndi kamafuta kosaoneka, ndipo tinyenyeswato tikagwera mu slot ndiye kuti mwangosamutsa vuto. Ine ndingati IPA poyamba. Labala woyera abwere pokhapokha banga litakana, pabanga pokhapo, kamodzi pa RAM imeneyo osati teremu iliyonse, ndipo pambuyo pake IPA kachiwiri. Mu slot labala asayandikire. Pamene IPA palibe, kupukuta ndi kansalu kouma koyera n'kubwezera bwino kumaposa kupala.

Aphunzitsi, funso lanu loti slot imatha, yankho ndi eya. Mapepala a makampani opanga ma slot a DIMM kawirikawiri amalemba maulendo 25 a kulowetsa ndi kuzula. Sikuti pa ulendo wa 26 imafa, ayi. Opanga akungolonjeza kuti mpaka pamenepo golide ndi kukanikiza kwa timapini zikhala mmene anazipangira. Slot ya PCIe, ya graphics card, amalemba 50. USB wamba amalemba 1,500, poti imeneyo inapangidwira kuzulazula. Makina anuwo ndi a cha m'ma 2012 ndi 2013, ndipo asanafike kwa inu anadutsa m'manja angapo. Mukamazula masabata awiri aliwonse, chaka chimodzi chokha mwapyola 25 ija.

Palinso kutha kwina kosafuna dzanja la munthu. Kompyuta ikatentha, RAM, slot ndi bodi zimafutukuka mosiyana pang'ono, zikazizira n'kubwerera. Kapini kamatsetsereka pa dzino kamtunda kosaoneka ndi maso, poyatsa ndi pozimitsa, ndipo magetsi akamazimazima maulendowo amachuluka. Akatswiri amati fretting. Pomwe golide wabooka, nickel wa pansi amachita kadzimbiri kopyapyala, fumbi ndi chinyezi n'kulowererapo. Mukazula n'kubwezera, kapini kamapala kadzimbiriko, kompyuta n'kuyaka, koma poti chitsulo chili pamtetete chimadanso m'masabata ochepa. Zomwe mwafotokoza, zoti imagwira sabata ziwiri n'kubwerera, zikufanana ndi zimenezi, ngakhale fumbi lomata palokha limachitanso chimodzimodzi. Akale akukumbukira nthawi ya ma SIMM, ma RAM akale a mapini 72, m'zaka za m'ma 1990: RAM ya timano ta tin ikaikidwa mu slot yagolide inkadwala matenda omwewa, ndipo malangizo anali oti golide kwa golide, tin kwa tin.

Kuti musiyanitse, yang'anani timano ndi galasi lokulitsa mutatha kupukuta. Kamzere konyezimira pakati pa dzino, koma kachikasu, ndi njira ya kapini chabe, palibe vuto. Kamzereko kakayera ngati siliva, golide watha, mwafika pa nickel. Kakafiira, mwafika pa kopa. Chobiriwira chimasonyeza kuti madzi anafikapo. Pa timano totha pang'ono, mankhwala monga DeoxIT Gold, kupakapo n'kupukuta mpaka kutsale kochepetsetsa, amatchinga mpweya n'kuchedwetsako kutha. Koma samabwezera golide yemwe wachoka.

Aphunzitsi_ICT

Zikomo nonse. IPA ya 99% yapezeka ndipo ndatsata ndondomeko ija. Makompyuta awiri achira: nsalu inatuluka yakuda, mu slot imodzi munali kaulusi komatana ndi fumbi lofiira, ndipo onse adutsa MemTest86 kanayi opanda cholakwa. RAM imodzi ili ndi timizere toyera pa timano ta pakati, ndaiika pambali. Yachitatu ija sinasinthe. RAM yabwino imayaka pa DIMM1 ndi DIMM2, pa DIMM3 ndi DIMM4 kulira kasanu. Pachithunzi timapini tonse tili pamzere, palibe chopsa kapena chobiriwira. Kodi ma slot awiriwo n'kuwasintha?

Sikuludiraiva

Ayi aphunzitsi, ma slot asiyeni. Kusintha slot ya DDR3 ndi kusungunula miyendo 240 yodutsa m'bodi ya zigawo zingapo, momwe kopa wa mkati amamwa kutentha konse. Ndi soldering iron wamba mudzazula timabowo tokutidwa kopa tija, bodi n'kutheratu. Ndipo ndikukayika ngati vuto lili m'menemo. Magetsi a 1.5 V nawonso sindikuwakayikira, chifukwa pa mabodi otere ma channel onse amamwa pa gwero limodzi, ndipo DIMM1 ikuyaka.

Pa makina amenewa choyendetsa memory chili mkati mwa processor, osati pabodi. Intel inayamba zimenezi mu 2008. Njira ya channel iliyonse imachoka pa slot, n'kudutsa mu soketi ya LGA1155, n'kulowa mu processor. Soketiyo nayonso ndi ma contact okhaokha: timapini 1,155 topyapyala kuposa ta mu slot, tokhudza timadontho tagolide ta pansi pa processor. Kapini kamodzi kakakhota, kapena kadontho kamodzi kakadetsedwa ndi thermal paste, phala lija lopaka pamwamba pa processor, channel yonse ingazime pomwe inayo ikugwira ntchito ngati palibe chachitika. Heatsink, chitsulo choziziritsa processor, ikamangidwa mopendekera imachitanso zomwezo.

Yatsani kompyuta mphindi zingapo kuti paste ifewe, zimitsani, zulani chingwe. Masulani masikuluwu anayi a heatsink chopingasa, kona ndi kona yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono mosinthanasinthana, osati imodzi mpaka kumapeto. A HP amafuna Torx T15, ngakhale sikuludiraiva yafulati imalowanso. Paste yakale ya pamwamba pa processor ipukuteni processor ikadali yotsekeredwa, kuti zotsalira zisagwere mu soketi. Ndiye tsegulani lever, gwirani processor m'mbali, itukuleni molunjika m'mwamba osaikwekwesa. Pansi pake pukutani ndi IPA ndi kansalu koyera, mosamala tima capacitor ta pakati.

Mu soketi musalowetse nsalu, thonje kapena burashi. Muzingoyang'ana, tochi chopendekera, kuchokera mbali zonse zinayi. Timapini tabwino timanyezimira mofanana m'mizeremizere, ndipo kokhota kamadzionetsa kokha ngati kadontho kakuda kapena kowala mosiyana ndi anzake. Kokhota pang'ono kangawongoledwe ndi nsonga ya pensulo ya makina ya 0.5 mm yochotsa mtima wake, pansi pa galasi lokulitsa, kukankha kamodzi kapena kawiri basi, chifukwa kachitsuloko kakapindidwa kangapo kamathyoka. Ngati dzanja limanjenjemera, pitani nayo bodi kwa wokonza mafoni yemwe ali ndi microscope. Ntchito imeneyi ndi yawo.

Pobwezera, lunjikitsani timipata tiwiri ta m'mbali mwa processor ndi titunda ta pasoketi, iikeni osakanikiza, tsekani lever. Paste yatsopano kadontho kamodzi pakati, kukula ngati njere ya nandolo. Heatsink mumange chopingasa monga munamasulira.

Zikapanda kusintha, bwerekani processor ya mu 8300 ina. Channel ikadzuka, yoonongeka ndi processor. Ikakanabe, ndi bodi: kanjira kosweka mkati kapena solda yong'aluka pansi pa soketi. Pamenepo musadzivutitse. Ikani ma RAM onse awiri pa DIMM1 ndi DIMM2. 8 GB ikhalapo yonse, kungoti izigwira ntchito pa channel imodzi, ndipo pa Word, Excel ndi maphunziro a ana kusiyana kwake n'kochepa. Mkati mwa chivindikiro cha kesi matanimo kapepala konena kuti DIMM3 ndi DIMM4 n'zakufa, kuti wobwera pambuyo panu asadzayambirenso kupukuta.

Mayi_wa_Mabodi

Za awiri achira aja, aphunzitsi: musazulenso RAM pa service ya teremu iliyonse. Pemererani fumbi RAM ili m'malo mwake. Slot yomwe muli RAM fumbi sililowa msanga. Yopanda kanthu ndi imene imasonkhanitsa, ndiye tsiku lomwe mudzafune kuonjezera RAM mu slot yomwe yakhala yasamu zaka, muyambe mwaipemerera ndi kuiunika, apo ayi mudzasindikizira fumbi lonselo pa timapini.

Makompyuta achoke pansi akhale patebulo, ndipo mu lab muzikolopa m'malo mosesa pouma. Choko chisalowemo. Nsalu zovindikira muzifunditsa makina atazima ndi kuzizira. Holide ya nyengo ya mvula, makina ongokhala osayatsidwa ndi amene amadzuka ndi zobiriwira. Wina aziwayatsa ola limodzi pa sabata kuti kutentha kuthamangitse chinyezi.

Ma RAM osunga akhale m'kathumba ka antistatic, kotuwa konyezimira kaja, osati m'jumbo kapena mu drowa limodzi ndi ma stapler. Ija ya timizere toyera musataye. Iyeseni ndi MemTest86. Ikadutsa, iikeni mu kompyuta imodzi n'kuisiya momwemo osaizulanso. Ikalephera, ilembeni X ndi marker mbali zonse ziwiri, ikhale yotsukira ma slot.